Banja Lotsala M'seva Yakale

Kwawo amamutcha Mzime, chifukwa ndiye womaliza kubadwa. Kuchipatala kumene amagwira ntchito amangoti Mayi a Seva, ndipo dzinali limamveka kwambiri tsiku limene makompyuta avuta. Zinthu zikamayenda bwino anthu amamudutsa m'khonde ngati mpando. Iye sadandaula. Amati pa ntchito yakeyi kuiwalidwa ndiko kuyamikidwa.

Bambo ake anakalambira pa lole yosamutsa anthu. Ankanyamula mabedi, makabati, nkhuku, ngakhale apongozi olimbirana mpando wa kutsogolo. Ana awo onse anakula akumva lamulo limodzi mpaka makutu kuwawa: katundu akatha kukwezedwa usalize lole, bwerera m'nyumba ukasuzumire kuseri kwa chitseko chilichonse, pakuti chimene mwini nyumba adzalire nacho mawa chimakhala chokolekedwa pamenepo.

Koma ntchito ya mwana wawoyu inkawazunguza mutu.

"Ndiye ukuti umasamutsa chiyani?" ankafunsa.

"Makompyuta, ababa."

"Pa lole yanji?"

"Palibe lole. Amadutsa m'waya."

"Aaa, ndiye ungonena kuti umakhala pampando."

Mzime ankaseka, koma zinkamupweteka. Alendo akafika, nkhalambayo inkatchula ana ake mmodzimmodzi monyadira, uyu mphunzitsi, uyu makaniko, ndipo ikafika pa iye inkangoti, "Uyu ali kuchipatala, koma si dokotala, si namwino, kaya amatani." Mzime, mayi wamkulu wa ana akeake, ankalakalakabe tsiku limene bambo ake adzamalize chiganizocho.

Ntchito yake ndi iyi. M'kachipinda kozizira kuseri kwa maofesi muli seva, chimakina chachitali ngati kabati, chong'ung'udza usana ndi usiku. M'kati mwake mumakhala makompyuta ena opanda thupi, iliyonse m'chipinda chake ngati anthu a lendi: ya kolandirira odwala, ya kopimira magazi, ya kosungira mankhwala. Mzime amawatcha mabanja. Chaka chimenecho seva yakale inali itatopa, opanga pulogalamu yake anali atasiya kuisamalira, ndipo chipatala chinagula ina ya mtundu wina. Mabanja onse anayenera kusamuka akampani asanabwere kudzatenga yakaleyo ndi kufufuta zonse zam'katimo. Chotsala m'menemo chinali chopita basi.

Musaganize kuti kusamutsako n'kungodina batani. Seva yatsopano ili ndi makomo ake, ndiye banja lililonse umayamba waliphwasula ngati bedi losalowa pakhomo, n'kukalimanganso uko. Likadzuka m'nyumba yachilendo limasokonezeka, silidziwa njira ya kwa anzake, ndiye umaligwira dzanja mpaka lizolowere. Mzime ankasamutsa limodzilimodzi, kenako n'kupita kwa eni ake kukaima nawo mpaka atanena okha kuti zili bwino. A kopimira magazi sanadziwe n'komwe kuti asamuka. Umo ndimo mmene iye amafunira.

Linatsala banja limodzi lopanda mwini. Dzina lake linali "kuyesachabe", ndipo analisiya katswiri wina amene anachoka kalekale, mawu achinsinsi olowera n'kupita nawo. Anthu otere Mulungu aziwakhululukira, ife zimativuta. Mzime anayenda maofesi onse kufunsa, poti safunsa anadya phula, koma aliyense ankangopukusa mutu.

"Dzina lake likudzinenera lokha," anatero bwana wake, munthu wofatsa amene masiku anali atamupanikiza. "Lisiyeni, mayi. Tisadzaze nyumba yatsopano ndi zinyalala."

Anthu a ntchito imeneyi ali ndi njira yawo yopezera mwini wa chinthu chotere. Umachizimitsa osachifufuta, n'kutchera khutu. Wofuula ndiye mwini wake. Mzime analizimitsa m'mawa, n'kuyamba kuyenda m'makonde ngati mlonda. Anadutsa kwa anamwino, kwa owerengera, kukhitchini. Zii. Tsiku linapita, sabata inatha, ina inayandikira kutha, osamveka ngakhale wotsokomola. Anavomera kuti bwana ananena zoona, ngakhale mtima sunakhale m'malo kwenikweni. Akampani anati abwera Lolemba.

Lamlungu anapita kukaona bambo ake. Anawapeza pakhonde nkhope ili gwa, atagwira mutu.

"Chipatala chako chija chandiiwala," anatero asanayankhe n'komwe moni.

"Chakuiwalani bwanji?"

"Mwezi ndi mwezi amandilembera pafoni kuti bwerani mudzatenge mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ine ndimayankha kuti zikomo adokotala. Mwezi uno, zii."

"Ndiye mapilitsi muli nawo?"

"Anatha."

"Ababa! Osangopita bwanji?"

"Ine sindipita kumene sanandiitane. Ndine galu ine? Ndi amnzanga a paseli apa chimodzimodzi, sanawalembere. Tangoti mwina mankhwala kulibe."

Pomwepo Mzime anazindikira chimene anazimitsa. Anali atatchera khutu m'makonde a chipatala, pamene eni ake a banja lija sanali m'makondemo. Anali m'makomo mwawo, nkhalamba zaulemu zodikira kuitanidwa, zosadziwa kufuula. Anawatengera bambo ake kogula mankhwala tsiku lomwelo, akukalipa njira yonse, ndipo iwo ankangoti, "Taona, mwanayu watengera mayi ake pakamwa."

Lolemba Mzime anafika kuntchito lole ya akampani itaima kale pakhomo, amuna awiri akutsitsa ngolo yokankhira. Anawadutsa ngati mphepo. M'kachipinda kozizira sanapite kutsogolo kwa seva kumene amaima masiku onse. Anazungulira kumbuyo, natsegula chitseko cha kabatiyo, nagwada. Pansi penipeni, m'kati mwa mawaya ndi fumbi, panali kachinthu kotalika ngati chala, kobayidwa kumsana kwa seva. Anakasolola, nakatsegula. Munali simu khadi. Ndiye chifukwa chake banjalo linkaoneka ngati silichita kanthu: linkangosuzumira mwakachetechete masiku amene odwala ayenera kudzatenga mankhwala, n'kulankhula ndi anthu akunja kudzera pa kazenera kakeka.

"Bwana, seva iyi sichoka m'mawa uno," anatero atalowa mu ofesi, fumbi lili m'maondo.

"Mayi, anthu afika kale."

"Adikire. M'nyumbamo mwatsala munthu."

Anaika kachinthu kaja patebulo n'kufotokoza. Bwanayo anangofunsa funso limodzi, kuti odwala oterowo ndi ochuluka bwanji, ndipo atamva kuti ndi onse a mankhwala a mwezi ndi mwezi, anadzuka yekha kukawapepesa a lole ndi kuwagulira tiyi.

Banja lopanda makiyi silisamuka mwaulemu. Mzime analinyamula lonse mmene linalili, zitseko zili chitsekere, n'kulimanganso m'seva yatsopano, kachinthu kaja n'kukabaya kumsana kwake. Litadzuka linakana kuzindikira kazenera kake. Anayesa uku, likukana, anayesa uko, likukana, thukuta lili kamukamu m'chipinda chimene anthu amalowamo atavala juzi. A lole anamaliza tiyi, anayamba kuliza hutala. Iye sanatukule mutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzuwa litapendeka, kanyale ka pa kachinthu kaja kanayamba kuphethira, ndipo mauthenga onse amene anaunjikana anatuluka motsatizana ngati ana otuluka m'kalasi. Apo m'pamene anauza a lole kuti akweze katundu wawo. Dzina loti "kuyesachabe" analifufuta, n'kulemba loti "woitana-odwala", kuti wobwera pambuyo pake asadzavutike.

M'mawa mwake pawindo la mankhwala panali mzere wofika panja. Wopereka mankhwala ankang'ung'udza kuti anthuwa apangana kapena chiyani. Pakati pa mzerewo panali bambo ake a Mzime, atavala jekete lawo la maulendo, foni ili m'manja ngati chiphaso.

"Andilembera," anatero atamuona. "Ndati zikomo adokotala."

"Tabwerani muwaone adokotalawo."

Anawalowetsa m'kachipinda kozizira. Anawaonetsa malo opanda kanthu pamene panali seva yakale, kenako yatsopano, n'kuwauza za mabanja, za bedi losalowa pakhomo, za limodzi lija limene linatsala pang'ono kupita ndi lole. Nkhalambayo inamvetsera, manja kumbuyo.

"Ndiye unalipeza kuti?"

"Kuseri kwa chitseko, ababa."

Bambo ake anasendera ku seva yatsopanoyo. Anazungulira okha pang'onopang'ono, natsegula chitseko cha kumbuyo kwa kabati yatsopano, nawerama monga ankachitira m'nyumba za anthu. Anayang'anitsitsa kanyale kophethira kaja nthawi yaitali, kenako anatseka bwinobwino, n'kuyesa ngati chatsekekadi.

Atabwerera pamzere, mnzawo wa paseli uja anawasungira malo, ndipo anafunsa kuti mayi amene anawatengayo ndani. Mzime anali asanapite patali, ndipo anamva zonse, chifukwa bambo ake salankhula motsitsa.

"Ameneyo ndi mzime wanga. Ndi wosamutsa, ngati ine. Kungoti ine ndinkanyamula mabanja limodzilimodzi, iye wanyamula chipatala chonsechi osaswa ngakhale kapu. Uthenga uli m'foni mwakowo unakatayika, anachita kuubwerera."

Mzime sanatembenuke. Analowa m'kachipinda kake n'kutseka chitseko, ndipo kwa kanthawi anangoima pamenepo, akupukuta m'maso ndi mkono wa juzi.