Phiko Lakumbuyo, kwa Limbani

Limbani mwana wanga, lero mwana wako Tadala wandionetsa mpikisano wa magalimoto pafoni, n'kundifunsa chifukwa chake phiko lakumbuyo kwa galimotozo limatseguka. Ndamuyankha momwe unandiphunzitsira mu minibasi yochokera ku Jenala. Unatulutsa dzanja langa pawindo, uli: "Amayi, lipendeketseni. Mwamva mphepo ikulikanikizira pansi? Ndi mmene matayala amagwirira msewu pokhota, koma liwiro limachepa. Tsono ligonekeni, ngati phiko latseguka. Apa galimoto imathamanga, koma ikakhota chomwecho imaterereka." Kondakitala anatikalipira tonse awiri.

Tadala wamvetsa kamodzi kokha. Kenako wafunsa kuti mawu ako ankamveka bwanji, poti unamusiya ali wakhanda. Zimene unanena ndikuzikumbuka zonse, mwandondomeko yake. Koma kamvekedwe ka mawu ako ndakafunafuna tsiku lonse, mwana wanga, sikakubwera.