Mmene ndinasamalira a Okeke ku South Bend

Ntchito imeneyi anandipezera ndi mwana wanga Tiyamike, namwino kuno ku South Bend. Ine, kapitawo wa pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, munthu woti ndikakuwa mzere wonse unkaima, akuti ndizikasambitsa mdala mnzanga! Ndinakana. Koma kukhala m'nyumba ya mkamwini, kunja kukuzizira, TV ikulankhula zosamveka, ndi ndende. Ndinapita.

Mdalayo anali a Okeke, Muigbo wa ku Nigeria. Matenda oiwala anawalanda Chingerezi chonse n'kuwasiyira cha kwawo. Ine Chingerezi changa n'chokwerera basi basi.

Ntchito yake inali iyi: magolovesi m'manja, kuwasintha thewera la akulu, kuwamanga lamba wogwirira m'chiuno, mawondo anga kutchinga mawondo awo, ndiye n'kudzutsa. Akaima ndinkawapatsa chitsulo choyendera mpaka pampando wa m'bafa. Madzi ndinkayesa ndi chigongono.

Chiigbo ndinatolera momwemo. Madzi akazizira, iwo ankakuwa, "Chai!" Bondo likabaya, "Chineke!" ndiko kuitana Mulungu. Ndikabweretsa phala lachizungu la oti, "Tufiakwa!" uku akuliza zala pamwamba pa mutu, kuti zonyansazo ziwapite kutali. "Biko" ndi chonde. "Ndo" ndi pepani. M'mawa ndinkakuwa ndili pakhomo, "Nna, kedu?" ndiko kuti bambo, muli bwanji. Iwo, "O di mma!" kuti ali bwino, ngakhale atagona ponyowa. Makutu awo anali atatha, ndiye mawu anga aja amandidzudzula nawo kutchalitchi anapeza ntchito.

Tsiku lina mwana wawo Obinna anabwera kuchokera ku Indianapolis ndi namwino wodzawayesa. Anandikokera kukhitchini.

"Papa, lero bambo anga akalephera kuima n'kufika kubafa, tikawasiya kunyumba yosungira okalamba. Inunso msana wanu watha."

"Iwe mwana, msana wanga usautchule," ndinatero.

Ndinamanga lamba bwinobwino. Ndinatchinga mawondo. "Biko, nna. Biko!" Ndinakoka. Ananyamuka pang'ono, miyendo n'kunjenjemera, n'kubwerera pabedi. Ndinakokanso, msana wanga n'kumva ngati alowetsamo mpeni, koma sindinalire pamaso pa mwana. Kachitatu sanayese n'komwe.

"Ike agwula m," anatero.

"Akuti mphamvu zawathera," anamasulira Obinna.

Ndinakuwa "Tufiakwa!" n'kuliza zala, poti tsiku lililonse ndikawatsanzira chonchi ankaseka nazo. Sanaseke. Anandigwira pamutu ngati kamwana, n'kunena chapansipansi, "Ndo." Iwo kupepesa ine! Sabata yomweyo anawatenga, ntchito n'kuthera pomwepo.

Tiyamike anandidiraivira ku Indianapolis kamodzi kukawaona. Malo aukhondo, anamwino aulemu, sindinama. Koma akati "biko" pofuna madzi, mtsikana wowasamalira amangomwetulira n'kuwakonzera pilo. Ndinakuwa, "Nna, kedu?" mpaka anthu anasuzumira. Anangoyang'ana khoma.

Chomwe ndinatolapo n'chakuti kusamalira nkhalamba si lamba ndi magolovesi ayi. Ndi kuphunzira mmene imalirira, ndipo kuno palibe ali ndi nthawi imeneyo. Panopa msana sundilola kugwira ntchito. Dzulo ndinafuna kudzuka pampando, zinakanika, ndinakuwa, "Mayo ine!" Mdzukulu wanga anachotsa chomvera nyimbo kukhutu limodzi, anandifunsa m'Chingerezi kuti ndati chiyani, n'kubwezeranso ndisanayankhe.