Injini Yakale M'galimoto Yopanda Kilachi

"Musamange, alamu! Ndati musamange!"

A Osathamanga analeka kumanga, sipanala ili m'manja. Anali atagona chagada pakatoni pansi pa galimoto, ndipo chomwe ankaona ndi nsapato za mlamu wawo, makaniko, zikubwera chothamanga.

"Kampata katsalaka n'kochepa ngati chala," anatero. "Mabawuti akoka okha."

"Akoka, inde. Kenako giyabokosi isweka m'kati, mukauze achemwali anga kuti ndine mfiti. Tulukani m'menemo."

Dzina la Osathamanga anawapatsa ndi ana asukulu. Chiyambire tsitsi lawo lili lakuda bii, ntchito yawo ndi kutola ana pamageti m'mawa, kukawatula kusukulu, masana kuwabweza. Ena amene anawanyamula akadali ndi mamina, lero amawapatsira ana awo. Amadziwa amene amasanza akakhala kumbuyo, amene amaiwala juzi, ndi amene kwawo kwayambanidwa, chifukwa ameneyo amakwera osapereka moni. Njinga zimawapitirira pamsewu, iwo osatekeseka.

Chaka chatha bondo lakumanzere linayamba kukana kilachi. Ankabisa, kumangoluma mano. Ndiye tsiku lina pachitunda cha pafupi ndi sukulu mwendo unangoti zii, galimoto n'kubwerera chambuyo ana ali momwemo, mpaka kukatsamira mpanda wa eni ake. Palibe anavulala, koma makolo anayankhula mwaulemu woopsa uja: "Madala, mukapume patchuthipa. Sukulu ikamatsegulira tidzaona."

Kumayiko kumene galimoto ikangotsokomola amakaitaya, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Koma injini ya a Osathamanga inali ngati m'bale. Sanaiphonyetsepo oyilo, ndipo ankaizindikira kulira kwake ili kuseri kwa nyumba. Mlamu wawo ndiye anapeza galimoto ya mtundu womwewo, ya otomatiki, thupi labwinobwino koma injini itafa. Anati aikemo yawoyo, mwendo wakumanzere upume, ntchito ipitirire.

Kumbuyo kwa injini anachotsa fulaiwilo, chimbale cholemera cha manyuwale, n'kumanga chimbale chopyapyala cha otomatiki. Zonse zinayenda, mpaka pano pamene injini ndi giyabokosi zinkakana kupsompsonana.

Anaikwezanso injini ndi tcheni. Makaniko anaunika ndi tochi ya foni kumbuyo kwake, n'kudzimenya pachipumi.

"Onani kabeling'i ako, kachitsulo kozungulira kali m'dzenje la pakatipo. N'ka manyuwale. Mphuno ya giyabokosi ya otomatiki imafuna kulowa pomwepo, ndiye yapeza pali mwini malo. Ndinakaiwala ine."

"Ndiye mfiti ija si inu nomwe?"

"Mfiti yokonzerani galimoto ulere? Pitani pampopi apo mukanditengere sopo."

A Osathamanga anaganiza kuti munthuyo akufuna kusamba m'manja, agonje. Koma makaniko anadula sopoyo tizidutswa, n'kumatikanikizira m'dzenjemo mpaka kudzaza. Analowetsa chitsulo chokwana bwino pabowo, n'kumenya ndi hamala. Anawonjezera sopo, n'kumenyanso. Sopo atasowa kothawira anayamba kukankha kabeling'i kuchokera kumbuyo, ndipo kanatuluka pang'onopang'ono ngati dzino logwedera mpaka kugwera m'dzanja la a Osathamanga. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kanthu kosakwana chivindikiro cha botolo kakanawakhazika pakhonde moyo wawo wonse.

Ulendo uno injini ndi giyabokosi zinakumana popanda kuzikakamiza. Mawa lake masana, mawaya ndi mapaipi zitabwerera m'malo, anapotokola kiyi. Inalira ndi mawu ake omwe aja. A Osathamanga anatembenukira kukhoma, ati m'maso mwalowa utsi.

Anatuluka pageti la galaja, mlamu wawo ali pambali. Atayandikira mphambano, mwendo wakumanzere unadzuka wokha kukafuna kilachi monga unazolowera, n'kupeza buleki yotakata ija. Unaiponda ndi mtima wonse. Makaniko anakapsompsona galasi.

"Alamu! Mwendo umenewu si uja mumati ndi wodwala?"

"Wachira ndi mantha."

"Mukatere muli ndi ana a eni, mukawatula opanda mano. Vulani nsapatoyo."

"Ndivule?"

"Yakumanzereyo. Phazi likakhala losavala limachita manyazi, likangokhudza chitsulo chozizira limakumbuka kuti linapuma pantchito. Lipindeni kumbuyo uko."

Anavula, nsapato n'kuiponya kumpando wakumbuyo. Anazungulira misewu ya m'mbali kufikira phazi litasiya kunyanyuka. Kenako, osauzidwa, analunjika kuchitunda chija. Pakati penipeni anaima dala. Anachotsa phazi lamanja pabuleki, ndipo galimoto sinabwerere ngakhale pang'ono, inangoyamba kukwawa chokwera ngati ikudziwa kumene ikupita.

"Alamu," anatero, "ine ndilibe mawu."

"Asungeni. Mukangouza achemwali kuti mlongo wawo si chidakwa chabe."

Atamutula mlamu wawo kugalaja, anaima pagolosale ya pakona. Anatsika ataiwala kuti phazi lina lili pansi. Mwini golosaleyo, mayi amene iwo ankamunyamula ali kamtsikana kolira pageti, ndipo tsopano amanyamula mapasa ake, anasuzumira kunja, n'kuyang'ana galimoto, n'kuyang'ana phazi.

"Madala, nsapato ina yatani?"

"Yapuma pantchito, mwanawe. Galimoto iyi ilibe kilachi."

Mayiyo anatuluka, anasuzumira pansi pa chiwongolero, n'kuona zopondera ziwiri zokha. Anapumira m'mwamba.

"Ndiye Lolemba muwapeza pageti. Anzanganso ndiwauza. Koma phazi limenelo asalione, akusekani mpaka chaka chithe."

A Osathamanga anagula masokosi okhuthala, akuda. Anawaika pampando wa pambali pawo, n'kuyamba ulendo wa kunyumba, njinga zikuwapitirira.