Kagiya ka pampu ya a Nyirenda

Ntchito ija anandipezera ndi mchemwali wanga, namwino amene boma linamutumiza ku Mzimba. Nditamaliza kosi ya makompyuta ndinakhala kwathu ku Dowa zaka ziwiri ndikungodya ndi kugona, mpaka iye anatopa nako kudandaula kwanga. Anati a Gondwe, mphunzitsi wopuma, agula pulinta ya 3D ndipo akufuna wodziwa kujambula pa kompyuta. Ndinanyamuka ndi malaya atatu.

Shopu ya a Gondwe inali kachipinda kuseri kwa msika wa pa Boma. Pulintayo imakoka ulusi wa pulasitiki pa mpukutu, n'kuusungunula pa kamlomo kotentha, n'kumasanja mizere mpaka chinthu chitaumbika. Ulusi tinali nawo wa mitundu iwiri. Wa PLA ndi wofatsa, ngakhale mbuli itulutsa nawo chokongola, koma ukangomva kutentha umafewa. Wa nayiloni ndiye wa magiya ndi ntchito zolimba, koma umamwa chinyontho ngati mchere, ndiye umafuna kuumitsa mu uvuni maola ambiri. Uvuni tinalibe. Mpukutu wa nayiloni unali umodzi, ndipo a Gondwe anautsegula nthawi ya mvula kuti aonetse anzawo, osautsekanso.

Makasitomala? Kaya. Anthu ankabwera kudzaonerera, n'kuyamikira kuti "chiwemi chomene", n'kumapita.

Mu Okutobala kunabwera a Nyirenda, bambo wachikulire wa ku Manyamula, pa njinga. Anamasula mpango, m'kati muli kagiya kosweka kolumikiza injini ndi pampu yothirira nazale yawo ya fodya. Mtsinje unali kutali kumunsi kwa chitunda, akazi awo miyendo inkawavuta, ana onse ali ku Joni. Ku Jenda anali atafunsa m'mashopu onse, kulibe. Panthawiyo mlamu wawo ndiye ankawatungira madzi pa ngolo, koma naye ankaifuna ngoloyo kukatuta njerwa kwina.

"Ndapota, mwana wane," anachonderera. "Mbande zikakhala masiku atatu osamwa, mbwenu chaka chatha."

Ndinayeza zidutswazo ndi kachipangizo kotchedwa vaniya, dzino lililonse, n'kujambula. A Gondwe anayala mphasa panja n'kuyanika mpukutu wa nayiloni ngati ufa. Ndinawauza kuti dzuwa silichotsa madzi amene alowa m'kati mwa ulusi, iwo anati dzuwa la Okutobala sindikulidziwa ine wa ku Dowa. Titayamba kupulinta, kamlomo kanayamba kuthetheka, nthunzi ikutuluka. Kagiya kanatuluka ka timabowo tokhatokha, ndipo ndinakathyola ndi zala. Ndinathamangira nawo mpukutuwo ku uvuni ya chitofu cha magetsi cha mchemwali wanga. Patangotha maola awiri magetsi anazima.

M'mawa mwake tinapeza a Nyirenda atakhala kale pakhonde, atagona kwa wachibale. A Gondwe anandikokera pambali.

"Ika PLA, adada azipita. Pampu ndi ya madzi, izizizira yokha."

Ine ndinkadziwa kuti kagiyako sikakhudza madzi, kamakhala kumbali ya injini kumene sungagwireko ndi dzanja. Ndinkadziwa bwinobwino. Koma inali ntchito yeniyeni yoyamba chitsegulire shopu, ndipo ndinkaopa kubwerera ku Dowa. Ndinangoika PLA.

Kanatuluka kosalala, koyera mbee. A Nyirenda anakalandira ndi manja awiri, "yewo chomene" osatha pakamwa. Ali pompo anaimbira foni mlamu wawo kuti ngolo ija aitenge, pampu yachira. Ndinamva ndi makutu angawa, koma ndinangoyang'ana pa kompyuta.

Anabweranso patapita masiku asanu. Anaika kagiya pa tebulo, mano onse atagona mbali imodzi. Pampu akuti sinathe n'komwe ola. Ngolo inali itapita kale, anayesa ndowa pamutu awiriwiri ndi akazi awo, koma mbande zinapsa bedi ndi bedi. Ndinkafuna anditukwane, mwina ndikanapepukidwa. Sanakweze mawu.

"Mukanangonena kuti simungathe, ngolo sindikanaibweza."

A Gondwe anayamba kufotokoza za magetsi. Ine manyazi anandigwira mpaka kulephera kunena pepani.

Shopu inatsekedwa mvula isanathe, ndipo pulinta ili kunyumba kwa a Gondwe, yofunditsidwa chitenje. Ine ndimapanga fotokope pa Jenda. Zimene ndinaphunzira ndikuzisungabe: usanagwire mpukutu funsa kumene chinthucho chikakhale, ndipo ngati ulusi woyenera palibe, kana munthu akadali ndi pothawira. Koma pozigwiritsa ntchito ndilibe.

Mwezi wa Meyi ndinawaona a Nyirenda pa Jenda, akusenza mabelo a fodya wa eni ake kukweza mu lole. Ndinati ndibisale kuseri kwa chitseko, koma anali atandiona kale. Anatula belo, n'kupukuta manja pa thalauza kuti andipatse moni, n'kundifunsa ngati makina aja akugwirabe bwino.