Masabata Atatu a Bweranimawa

Achimwene anga ndi telala, ndipo mumsewu mwathu palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Onse amangoti a Bweranimawa. Zaka makumi atatu ali pakhonde la sitolo ya nsalu, tepi m'khosi, choko kukhutu. Aliyense wodzafunsa chovala chake amamuyankha akumwetulira, phazi osachotsa pa makina: "Changotsala mpendero, bwerani mawa." Ine mlongo wawo weniweni, siketi yanga inagona m'thumba lawo miyezi isanu ndi iwiri. Nditakalipa anangondifunsa ngati ndikuyenda wamaliseche.

Munthu wa mtima wotero simungamuganizire kuti angasowe mtendere. Koma chaka chatha akazi awo, alamu anga, anatuluka kachotupa pakhosi. Kuchipatala anadulako kanyama kuti akapime, nkunena kuti zotsatira zidzatuluka pakatha masabata atatu.

"Atatu?" achimwene anafunsa namwino. "Simungatithandize mawa?"

Namwinoyo anali kasitomala wawo wakale. Akuti anawayang'ana, nkuseka mpaka kugwira tebulo.

Kuyambira tsiku limenelo mutu wa achimwene unkangozungulira pamodzimodzi. Nanga chikakhala choopsa? Nanga ngati adokotala akubisa? Nanga kanyama kaja akakasokoneza ndi ka munthu wina? Mafunso akatha ankayambiranso loyamba. Buluku la mphunzitsi wina analitseka matumba onse awiri. Choipitsitsa, m'mawa uliwonse ankatenga tepi nkuyeza mkono wa alamu kuti aone ngati akuwonda.

Tsiku limene alamu zinawakwana ine ndinali komweko. Anawalanda tepi ija nkuikhalira.

"Abambo, mukandiyeza chonchi zotsatira zimasintha?"

"Ayi."

"Ndiye maganizo amenewa mukuwapatsiranji mpando ngati alendo? Anthu a mabuluku awo mumawabweza tsiku ndi tsiku osachita manyazi. Awanso muziwauza zomwezo."

Ine ndinaseka, koma achimwene anazitenga zenizeni. Nkhawa anaiikira nthawi yake: folo koloko madzulo, pomwa tiyi, mphindi khumi zokha. Ikafika nthawi ina iliyonse ankaiyankha mokweza ali mkati mosoka: "Sizinathe. Mubwere folo koloko." Mayi wina amene anadzera diresi lake atamva mawuwo anangotembenuka nkumapita, osadziwa kuti sakuuza iye.

Sindinganame kuti nkhawayo inatha. Masiku ena ndinkapeza makina ali zii, iwo maso ali kumsewu, ndipo mtima unkandiwawa, chifukwa achimwene opanda nthabwala ndinali ndisanawaonepo. Koma manja anapeza chochita. Thumba la zovala za anthu lija linayamba kuphwa. Ena analandira malaya amene anali atawaiwala. Bambo wina anapatsidwa yunifolomu ya mwana woti anamaliza kale sukulu. Siketi yanganso inatuluka, fashoni yake itapita.

Tsiku la zotsatira tinapita atatu. Alamu anati alowa okha, poti achimwene akakalowa akafunsa adokotala mafunso mpaka dzuwa kulowa. Ife tinatsala pabenchi, achimwene akupinda chipewa nkuchiwongola, kuchipinda nkuchiwongola. Alamu potuluka sanachedwetse.

"Akuti si choopsa. Adzachichotsa mwezi wamawa, ndidzagona tsiku limodzi lokha."

Achimwene analira pabenchi pomwepo, anthu akuona, inenso ndinawathandiza kulirako.

Titafika kunyumba achimwene analowa kuchipinda nkutuluka ndi diresi lobiriwira limene anasoka mobisa. Msoko wake unali wowongoka bwino, zipi osaoneka nkomwe, ntchito imene ife makasitomala sitinaionepo. Alamu anakavala, nkutuluka atatambasula manja. Diresilo tikanalowamo awiri.

"Abambo, zaka zonsezi mukundisokera, lero mwaiwala saizi yanga? Ndi kundiyeza konse kuja?"

"Sindinaiwale," achimwene anatero, akukanda kumutu. "Folo koloko iliyonse ndinkakuonani m'maganizo mukuwonda, mukuwonda. Tsiku lina zinanditopetsa. Ndinati ngati zonsezi ndi zongoganiza, bola ndiganize mukunenepa. Ndiye ndinatenga sizasi nkudula."

Alamu anakhala pampando, diresi likulendewera mbali zonse, nkumasisita nsaluyo pabondo. Ine pofuna kuthandiza ndinati vuto palibe, achimwene alichepetse m'mbali, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Achimwene anali atayamba kale kufufuza choko.

Alamu anawagwira dzanja.

"Lisiyeni momwemo," anatero. "Ndilidzaza."