Boneti ya Anthu Awiri

Galimoto ya a Sitifulumira ndi yakale kuposa ana awo onse. Dzinali si lobadwa nalo ayi. Analilemba okha ndi penti yoyera pagalasi la kumbuyo, anthu n'kulichotsa pagalasipo kulipachika pa mwini wake. Ntchito yawo ndi yonyamula amayi a geni ndi mitolo yawo kuchokera kumsika waukulu, ndipo aliyense wokwera amadziwiratu kuti kufika afika, koma osati msanga.

Galimotoyi ili ndi matenda awiri. Rediyeta imadontha, choncho m'mawa uliwonse imafuna chigubu cha madzi isanadzuke. Ndiye boneti yake ndi yamakani. Sipuling'i ya loko inatopa kalekale, moti ukakoka kachogwirira ka pansi pa chiwongolero n'kukasiya, loko imabwerera pamalo pake usanafike n'kutsogolo komwe. Pamafunika anthu awiri. Wina akoke m'katimo osasiya, wina adinikize boneti ndi chikhatho, aimenye pang'ono cha pamwamba pa nyali, kenako alowetse zala n'kukankha kambedza.

Kwa zaka zambiri wokokayo anali akazi awo, telala wa pakhonde, mayi wa pakamwa posachedwa. Ankatuluka tepi yoyezera ili m'khosi, n'kudziponya pampando wa dalaivala ngati galimoto anagula ndi iwo.

"Mwakonzeka, akulu?"

"Kokani, bwana!"

Boneti n'kutseguka. Makaniko wa pakona anawauza kangapo kuti abwere nayo, loko yatsopano sichedwa kuika. A Sitifulumira ankangoseka. "Mutu umodzi susenza boneti, mphwanga. Tisiye."

Kenako kunabwera sitiroko. Mayi anagwa pambali pa makina awo, diresi ya mwini ili pakati posokedwa. Moyo unatsala, koma dzanja lamanja linalemera ngati la munthu wina, ndipo pakamwa panapotokera mbali imodzi. Adokotala ananena mosabisa kuti mayiwa aziyenda, azituluka, dzanjalo aziligwiritsa ntchito, apo ayi liuma mpaka kalekale.

Kunyumba zinachitika zosiyana. Mnzawo wina wobwera kudzazonda atangowaona anagwira pakamwa. "Kalanga ine, nkhope yonse ija!" Mwina sanafune kulakwa, koma kuyambira tsiku limenelo mayi anatseka katani. Makina anawafunditsa nsalu. Pakhonde pomwe anasiya kupondapo. Ana akaimba foni, mayi ankangoti ali bwino. Amuna awo anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, anayesa nthabwala, koma zonse zinkangogwera pansi.

Ntchito siidikira wodwala. A Sitifulumira anadula kamtengo ka tsache lothyoka, n'kumakapanikiza pakati pa kachogwirira ndi pansi kuti kasabwerere. Zinkatheka bwinobwino, ndipo iwo ankadziona ochenjera. Sanadziwe kuti m'mawa uliwonse katani ya kuchipinda inkapatuka pang'ono.

Tsiku lina akudya, mayi anayankhula osadzutsa mutu.

"Ndaona mwapeza mkazi wina."

"Ine? Ndi mano otsala awa?"

"Woonda uja wa pansi pa chiwongolero. Sayankha, sadwala. Mwasankha bwino."

A Sitifulumira anaseka. Kenako anayang'ana dzanja la akazi awo lili gone pamwendo, zala zitayamba kupindikira m'kati, ndipo mawu a adokotala anawabwerera.

Kutacha anatenga kamtengo kaja n'kukaponya padenga.

Ndiye anayamba ntchito ya munthu wopanda nzeru. Akoke kachogwirira, athamangire kutsogolo, loko yabwerera kale. Abwerere, akokenso, athamangenso. Mawondo awo si a mnyamata, ndipo posakhalitsa malaya anamatirira kumsana. Ankamenya boneti mokweza dala, akudandaula mokweza dala. Foni inkalira m'thumba, amayi a kumsika akufunsa ngati galimoto yafa kapena mwini wake. Katani sinagwedezeke.

Wometa wa tsidya la msewu anatulukira ndi thaulo paphewa. "Madala, ndikukokereni?"

"Pita ukamete anthu, iwe. Manja akowo ungandidulire kebulo ya boneti."

"Nanga muzingothamanga chonchi mpaka madzulo?"

"Ndikuchita majowajowa. Zikukukhudza?"

Wometa anabwerera akupukusa mutu. Dzuwa linakwera. A Sitifulumira anatsamira galimoto akupuma mwawefuwefu, ndipo mtima unayamba kuwatsutsa. Mwina akungomuzunza munthu wodwala. Mwina akwere padenga akatenge kamtengo kawo, asiye zamasewera. Anali atayamba kuyang'ana kumene kuli makwerero pamene chitseko chinalira.

Mayi anaima pakhomo, dzanja lamanzere litagwira nsalu kukamwa.

"Mkazi wanu uja ali kuti?"

"Wandithawa. Akuti ndimalongolola."

"Munthu wamkulu, bodza osachita nalo manyazi."

Anatsika pakhonde, mwendo wina ukukokeka pang'ono. A Sitifulumira anafuna kuthamanga kukawagwira, koma anabisa manja kumbuyo n'kuwakanikiza pamenepo. Anthu odutsa anachepetsa liwiro. Mayi anafika pagalimoto, nakhala pampando wawo wakale.

Kachogwirira kali kumanja, pafupi ndi chitseko, kumene dzanja lamanzere silifika bwino chifukwa cha chiwongolero. Kuti akoke, anafunika kunyamula dzanja lodwalalo ndi lamzake. Koma lamzakelo ndi limene linagwira nsalu kukamwa. A Sitifulumira anaziona zonsezi kudzera pagalasi la kutsogolo. Mayi anayang'ana kumsewu, anayang'ana amuna awo. Kenako anasiya nsalu ija, ndipo inagwera pachifuwa.

Ananyamula dzanja, nakoloweka zala pakachogwirira. Atakoka, zala zinapulumuka.

"Zakana," anatero.

"Werengani pagalasi la kumbuyo, bwana. Pano sitifulumira."

Mayi anatsonya. Anakolowekanso zala, dzanja lamanzere litagwira pamkono, mano ataluma mlomo wopotokawo.

"Mwakonzeka, akulu?" Mawu anatuluka olemera, koma anali omwe aja.

"Kokani!"

Anadinikiza, anamenya pamwamba pa nyali, analowetsa zala. Kambedza kanagonja, boneti n'kukwera. A Sitifulumira anaiimika ndi chitsulo chake, n'kubisala kuseri kwake nthawi yaitali kuposa imene chigubu chimodzi chimafuna. Madzi ena anathira pambali, chifukwa maso sankaona bwino.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anafuula wometa ali tsidya lija. "Takusowanitu!"

Kenako a Sitifulumira anamva yankho likuchokera m'galimoto.

"Tadzuka, mwanawe. Ukanawathandiza bambo akowa, taona mmene anyowera."

"Anandithamangitsa okha!"

Atatseka boneti anapeza mayi akadali pampando, akusisita zala zawo.

"Mawa mudzaze chigubu ndisanatuluke," anatero. "Sindifuna kupsa ndi dzuwa chifukwa cha chidodo chanu."

Loko ija mpaka pano sinakonzedwe, ndipo makaniko anatopa n'kufunsa. Kamtengo kadakali padenga. Makina osokera sanavundukulidwe, chifukwa zala sizinafike poyendetsa nsalu pansi pa singano. Koma tepi inabwerera m'khosi, ndipo m'mawa ukadutsa pamsewupo umva anthu awiri akukangana kuti wachedwetsa mnzake ndani.