Sharifa ndi Kompyuta Yogawidwa Pawiri

Inu amene mukuona ngati zonse zatha, tamverani za Sharifa wa ku Benga.

Mwamuna wake Usman atamwalira pa ngozi ya njinga yamoto, akuchimuna sanadikire n'komwe sadaka ya masiku makumi anayi. Ananyamula makina awiri a PlayStation amene ankadyetsa banjalo. M'chipinda momwe anthu ankasewerera mpira wa pasikirini munangotsala mabenchi, masikirini awiri akale ndi kompyuta imene malemuyo ankaikira nyimbo m'mafoni.

Sharifa anali ndi ana awiri, ndipo sukulu analekeza Fomu 2. Tsiku limene makinawo anatengedwa sanalawe kanthu.

Kutacha anasenza kompyutayo kupita nayo kwa a Sailesi, mphunzitsi wa zamakompyuta pasekondale ina yapafupi.

"Magemu amafuna makina akeake, mayi," anatero a Sailesi. "Njira ilipo yopangira makompyuta awiri ongoyerekezera m'kati mwa imodziyi, iliyonse ndi sikirini yake. Koma ndi yovuta, ndipo zithunzi zimadodoma. Bola mugule makina ena."

"Chogulira ndilibe, aphunzitsi. Nthawi yokha ndiyo ndili nayo. Ndiphunzitseni."

Kwa miyezi inayi, Loweruka lililonse, Sharifa ankapita kukaphunzira. Mawu a Chingerezi omuvuta ankawalemba m'kope n'kumawaloweza akuchapa.

Tsiku lotsegulira zinakanika. Mpira unkaima m'malere, osewera n'kutuluka akuseka. "Izi si za azimayi," anatero mmodzi. Sharifa anatseka chitseko nalira, koma Loweruka anabwereranso kwa a Sailesi.

Anapeza kuti kadi imodzi yotulutsa zithunzi siinkakwanira masikirini awiri. Anafunsafunsa mpaka wojambula zithunzi wina wa kuboma anamupatsa ina, yochotsa m'kompyuta yakufa. Anasankhanso magemu akale, osalemera.

Lachisanu lina anthu atatuluka mumzikiti, asodzi awiri anakhala pasikirini imodzi, oyendetsa kabaza awiri pa inayo. Sharifa anaima kumbuyo. Masewero onse anatha osadodoma. Msodzi wogonjayo sanacheuke n'komwe.

"Tibwereze, mayi."

Sharifa sabisa kuti makina enieni a magemu amathamanga kuposa ake. Komabe lero ana ake ali pasukulu, ndipo eni mashopu a ku Dwangwa amamutumizira uthenga kuti akawagawire makompyuta awo pawiri.

Inunso musanyoze chochepa chimene chili m'manja mwanu. Funsani odziwa, ndipo zikakanika lero, mawa mudzukirenso pomwepo. Musataye mtima.